Maenje a shedi ija ndinakumba ndine

Usiku watha ndinalota maloto oti mpaka pano tiyi akundikanika kumeza. Ndikufotokozerani onse, koma amene akufuna kundiyankha zoti ndinagona nditakhuta angokhala chete, chifukwa ine sindikuseka.

Muyambe mwadziwa ichi. Mwezi wathawu ndinagwira ganyu kwa kontilakita wina amene akumanga mashedi odikiriramo basi m'tauni muno. Shedi ya pafupi ndi msika ija, yotsamira mpanda wa golosale, maenje ake anayi ndinakumba ndine. Kanjira ka simenti ka oyenda pansi pamenepo n'kochepa kale, anthu awiri akakumana wina amachita kupendekeka. Ndinawauza akapitawo kuti bwana, tikaimika apa anthu azidutsa pati? Akuti pepala likutero. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma maso ndili nawo. Amene anajambula pepalalo amayenda pa galimoto, phazi lake silinapondepo pamenepo. Komabe ndinakumba. Lero shedi yatseka njira yonse, m'mbali mwake anakhomamo chimalata chotsatsa malonda, ukafika apo umatsikira mu tala momwe amakhotera maminibasi.

Ndiye pali achimwene anga a Lufeyo, amene ndimakhala nawo pakhomo. Maso anawathera ndi matenda a shuga. Amaluka mipando kuseri kwa msika, ndipo amapita okha ndi ndodo yawo yoyera, kuwerenga mapazi m'kanjira komweko. Safuna kugwiridwa dzanja. Sabata yatha anabwera ndi chotupa pamphumi, awomba chimalata chija. Anati, "Amene anakumba pamene paja sanabadwe kwa munthu." Ine ndinangoti zoonadi achimwene, n'kupitiriza kudya. Sakudziwa.

Tsopano malotowo.

Ndinapezeka ndili pamalo paja ndi piki, dzuwa lili paliwombo. Ndikukumba, koma pansi pa simenti sipanatuluke miyala ngati tsiku lija. Panatuluka dothi la katondo, lofiira, lonyowa, ngati la kumanda kwathu. Akapitawo anali atakhala padenga la shedi, miyendo ili lende, pepala lili m'manja. Shediyo inali itaima kale koma ine ndikukumbabe maenje ake, ndipo sizinandidabwitse. Ndikati ndipume, iwo amangogwedeza pepala, manja anga n'kuyambanso okha.

Kenako shedi ija inayamba kuyenda. Miyendo yake inayi inkazuka n'kumasuntha ngati ya ng'ombe. Mayi wina wosenza beseni la tomato akati alambalale uku, iyo yafika kale. Akati abwerere uko, yamutsekeranso. Mapeto ake anthu onse anatsikira mu tala, kumayenda mondondozana pakati pa msewu. Maminibasi ndi amene anakwera pakanjira ka anthu, awiri mpaka anakhala pabenchi la mu shedi atapinda matayala, akudikira. Chimene ankadikira sindikuchidziwa. Kondakitala wina ankaitanira kuti malo alipo, wa mmodzi, wa mmodzi, koma akuloza pansi, m'dzenje langa.

Ndiye ndinamva go, go, go. Ndodo imeneyo ndimaidziwa ngakhale patakhala phokoso la chigayo. Achimwene akubwera, atavala jekete lawo la ukwati lomwe linadyedwa ndi makoswe kalekale, akuwerenga mapazi mokweza. Ndinati ndikuwe kuti imani pomwepo, koma m'kamwa munali mutadzaza simenti, youma kale. Anafika, ndodo inagunda chimalata. Anaima, anavula chipewa.

"Zikomo bambo, ndidutse nawo."

Shedi ili zii. Anabwerezanso, mwaulemu kuposa poyamba. Munthu wa imvi, amene anandilera ine bambo athu atamwalira, kupempha njira kwa malata. Pa maloto onsewa chimenechi ndi chimene chikundiwotcha pamtima. Kenako anafufuza ndi ndodo. Uku mpanda, uku tala. Anavala chipewa, n'kutsitsa phazi.

Galimoto ikuwagunda sindinaione. Zinangodumpha, ndinaona pamsewu payalidwa masamba aawisi, aja timaika pakagwa maliro. Ndiye taonani chipongwe chake. Maminibasi omwe aja anayamba kuyenda pang'onopang'ono, madalaivala kuzimitsa wailesi, akabaza kutsika n'kumakankha njinga. Masamba akupatsidwa ulemu, pamene munthu wamoyo ndi ndodo yoyera amamuimbira hutala ngati mbuzi. Ndinawerama kuti nditole mwala ndigende, miyala yonse inali itamatirira pansi.

Kenako kunatulukira adzukulu, okumba manda a kumudzi kwathu, makasu ali pamapewa, pakati pa tauni. Patsogolo panali mkulu wawo a Chikaonda. Iwowo anamwalira kalekale, koma anali bwinobwino, akusuta chingambwe chawo. Anafunsa kuti tikumbe pati. Atayang'ana pansi, maenje anga anayi aja anali atalumikizana, n'kusanduka dzenje limodzi lalitali, losalala m'mbali, muyezo wake wa munthu wamkulu.

"Pakumbidwa kale apa," anatero a Chikaonda. "Mmisiri wake ndani?"

Akapitawo ali padenga paja anandiloza ndi cholembera. Mphepo inatembenuza pepala lija, ndipo ndinaliona bwinobwino. Linali loyera mbali zonse ziwiri, lopanda ngakhale kadontho.

A Chikaonda anandiyang'ana nthawi yaitali, utsi ukutuluka m'mphuno. Anati, "Iwe Josamu, mwana wa Nabanda, unamva kuti zoti munthu amakumbira manda m'bale wake wa bere limodzi? Nanga ife tilipo chifukwa chiyani?" Ndinafuna kunena kuti ndinachita kutumidwa, koma simenti ija. Onse anaponya makasu pansi. Akuti poti wayamba wekha, umalizenso wekha. Anakalowa mu minibasi, n'kupita.

Ndiye bokosi la maliro a achimwene ndinalisenza ndekha pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Dzenje tsopano linali mbali inayo ya shedi, ine ndili mbali ino. Mpata wa pakati pa shedi ndi mpanda woti ngakhale nkhuku singadutse. Ndikati ndilipendeketse, likukana. Ndikati ndilikweze padenga, akapitawo akulikankha ndi nsapato. Anthu obwera pamaliro onse anali ataunjikana mu shedi kuthawa dzuwa, akungondiyang'ana. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, anali pomwepo akuluka tsitsi la mayi wa tomato uja, osadzutsa n'komwe mutu. Ndinaona kuti palibe kuchitira mwina, nanenso nditsikire mu tala ndi maliro omwe.

Nditangoponda tala, m'bokosi munamveka go, go, go.

"Josamu, ndasokoneza kuwerenga. Tafika pati?"

Simenti ija inasungunuka nthawi yomweyo. Ndinati, "Pa shedi, achimwene."

"Ooh. Iwe umayendayenda m'tauni muno. Sunamudziwe amene anakumba?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene basi. Kumbuyo kwanga hutala ya minibasi inalira pafupi kwambiri, moti kutentha kwa injini ndinakumva m'miyendo.

Ndinadzidzimuka, bulangete lili pansi, thukuta thupi lonse. Kunja kunali kutayera. Koma go, go, go uja ankamvekabe, pakhonde. Achimwene akutuluka kupita ku mipando yawo. Ndinathamanga wopanda malaya n'kuwagwira mkono. Anandisasa. "Ndine mwana ine? Bwerera ukavale." Ndinawatsatira chapatali, wosavala nsapato, mpaka ndinawaona akutsikira mu tala pa shedi paja, kabaza wa njinga yamoto n'kuwaphonya pang'onong'ono. Anakweranso mbali inayo, n'kuyambiranso kuwerenga. Lero adutsa.

Tsopano inu odziwa kumasulira, ndiuzeni. Mayi a Chisomo akuti kulota maliro ndiye kuti munthuyo akhala ndi moyo wautali. Ine zimenezo sizikundilowa, chifukwa amene anandidzudzula ndi a Chikaonda, ndipo iwo ali moyo sankalankhula zopanda mutu. Kodi akundiuza kuti ndiwaululire achimwene? Kapena akuti dzenje lija ndikalikwirire lisanadye munthu, nditenge piki ndikazule chishedicho masana anthu akuona, andimange ngati akufuna? Nanga pepala loyera lija ndi chiyani?

Mundiyankhe lisanafike Lolemba. Akapitawo atumiza uthenga kuti tikayambe mashedi ena atatu mumsewu womwewo, ndipo piki ili kuseri kwa chitseko. Sindinadziwe kuti ndikaitenga ndilowera nayo mbali iti.