Malovu pa mpira wa a Ferdinand

Nditabwerera ku Maryland, ku America, kuchokera ku Lilongwe, kumene ndinayesa kukhala Mmalawi weniweni n'kulephera, munthu woyamba kundipatsa chochita Lamlungu anali a Ferdinand. Kwawo ndi ku Chipata, ndipo amapemphera ndi bambo anga. Mkati mwa sabata amayendetsa vani yonyamula timabotolo ta magazi m'malabotale a ku Gaithersburg. Koma ali mnyamata ankadyera mkono wawo. Anali woponya mpira wa kiriketi, wolipidwa ndithu, m'makalabu a ku Joni.

Luso lawo linali lokhotetsa mpira uli m'malere. Kachitidwe kake n'konyansa pang'ono. Umanyambita chala, n'kupaka malovu mbali imodzi ya mpira, n'kupukuta pathalauza mpaka mbaliyo iwale, inayo n'kuisiya yokhakhala. Mathalauza awo oyera onse ali ndi banga lofiira la utoto wa mpira pantchafu, ndipo akazi awo anasiya kalekale kulimbana nalo.

Chibwerere mliri wa korona, malovu analetsedwa. Thukuta lokha basi. Lamuloli a Ferdinand amalidziwa, koma chala chawo sichinamve.

Kuno ankasewera mu ligi ya Lamlungu, papaki ina ku Rockville, pamodzi ndi Amwenye ndi anthu a ku Jamaica. Phewa linali litatha, liwiro kulibe. Chowasunga m'timu chinali kukhota kokhako, ndipo kaputeni wawo, Melvin, anali atanena poyera kuti pali anyamata othamanga amene akudikira malo.

Lamlungu lina ndinawatenga pagalimoto yanga.

"Ankolo, tikumangeni bandeji pachalapo?" ndinatero.

"Iwe Luntha, ku Malawi unayenda kuphunzira mwano? Yendetsa motoka."

Anayamba bwino. Mpira wachitatu unakhota ngati waitanidwa, n'kugwetsa timitengo kumbuyo kwa womenya mpira wa timu inayo, iye n'kutuluka. Akubwerera poyambira kuthamanga, chala chinapita pakamwa chokha. Woyimbira anawachenjeza. Iwo anapepesa, moona mtima, n'kuyang'ana chalacho ngati cha munthu wina. Posakhalitsa chinabwereza. Woyimbira anapereka mapointi asanu kwa adani, ndipo Melvin anangovula kapu n'kuyang'ana kumwamba.

Kuchokera apo ndinawaona akufumbata dzanja poyenda, akupukuta mpira ndi thukuta la pachipumi. Ena amati thukuta limagwiranso ntchito. Kaya. Mwina maganizo awo anali pachala, osati pa womenya. Mpira unkangopita chowongoka, pang'onopang'ono, ndipo mnyamata wina wa magalasi anaumenyera kuseri kwa mitengo, kenaka pamalo oimika magalimoto. Melvin anatenga mpirawo n'kupatsa mmodzi wa anyamata othamanga aja. Kenaka anatumiza a Ferdinand kumalire a bwalo, kumene anaima mpaka masewera kutha.

Pomaliza Melvin anawagwira paphewa n'kuwauza m'Chingerezi, mwaulemu wonse, kuti sabata yamawa abwere adzathandize kuphunzitsa achinyamata.

Pobwerera, titalowa mumsewu waukulu, a Ferdinand anandifunsa:

"Manje nizamuuza chani amake Sean?"

"Auzeni kuti mwapuma, ankolo. Wosewera aliyense amapuma."

"Kupuma ni kwa munthu amene wafuna yeka. Imwe ana a kuno muganiza vonse vili na dzina yabwino."

Titafika pakhomo pawo anakhala kanthawi osatsegula chitseko, akusisita phewa. Nditati nditsitse chikwama chawo cha zosewerera, anandiletsa.

"Chisiye mwamene. Nizatenga."

Chilimwe chatha, chikwamacho chikadali m'buti mwanga.