Tepi Yakuda ya a Sakala

Galaji ya kuseri kwa msika wa Mfuwe yandiphera galimoto, yandilandanso ntchito imene imadyetsa ana anga. Ndakwiya, ndipo sindibisa.

Amene simundidziwa, ndine mayi uja wa kavaneti koyera kochokera ku Japan. Ndimagula letesi, matimati ndi kabichi kwa alimi a ku Jumbe n'kukapereka ku loji ina yogona alendo m'mbali mwa Luangwa. Lachisanu ndege ikamatera ndi alendo, ndiwo ziyenera kukhala zitafika kale kukhitchini. Wophika wamkulu, a Mwanza, anandiuza maso ndi maso kuti ndikadzachedwa adzapatsa wina, poti ofuna ndi ambiri.

Kumayambiriro kwa Okutobala, kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kanayaka kuseri kwa chiwongolero, osazimanso. Ndinapita kwa a Sakala, eni galajiyo, amene anadzilemba okha pachikwangwani kuti ndi injiniya. Anatsegula boneti, anamasula waya wa batire, anayatsa fodya. Fodya atatha, anabwezera waya uja. Nyali inazima.

"Ndaiiwalitsa, amai," anatero. "Mamotoka a masiku ano ali na kakompyuta. Kamasunga chakukhosi monga apongozi."

Ndinaseka nawo, ndinalipira. Ndisanafike n'komwe pamphambano ya ku bwalo la ndege, nyali ija ngwee.

M'mawa mwake ndinabwerera. Waya yemweyo, fodya wina. Ndinawafunsa mwaulemu ngati sangasuzumire mu injini, popeza chithunzicho ndi cha injini, osati cha batire. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti nyaliyo inapangidwira dziko lachisanu, ndiye ikamva kutentha kwa chigwa chathu imangodandaula. Akuti ngakhale azungu amafiira akafika kuno, koma palibe amawang'amba pamimba. Ndiye galimoto yanga ndi mlendo wa ku loji? Ndiigulire chipewa?

Nyali inayakanso ndili pageti pawo pomwepo.

Lachinayi ndinapita ndili ndi nkhope ina. Ndinawauza kuti mawa ndili ndi ulendo wa ku Jumbe, ndipo galimoto ikandikhumudwitsa ndiye kuti loji yandithawa.

"Siyani makiyi, mubwere fotini awazi," anatero. "Lelo niisilizilatu."

Nditabwera ndinapeza galimoto yatsukidwa, matayala apakidwa polishi. Ndinaliza injini, nyali zii. Ndinazungulira msika, ndinafika ku bwalo la ndege n'kubwerako, osayaka. Ndinawathokoza a Sakala ndi manja awiri. Ndinawalonjezanso kabichi, ine wopusa ine.

Lachisanu ndinanyamuka ku Jumbe m'mawa, kavaneti kali kodzaza. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Ndili pakati pa njira ndinamva fungo ngati la mphika wopserera. Kenako nthunzi inatuluka m'boneti, injini inatsokomola, n'kuima. Panalibe mudzi, panalibe mthunzi. Oyamba kudzandizonda anali anyani. Ndinakhala pamwamba pa katundu ndi ndodo, mayi wamkulu ine, ndikulimbirana matimati ndi anyani, letesi akufota ndikuona.

Dzuwa litapendeka inaima lole ya thonje. Dalaivala wake anatsegula boneti n'kusuzumira kuseri kwa batire, pafupi kwenikweni ndi waya umene a Sakala ankamasula. Anatulutsa chisa cha khoswe: thonje, makoko a mtedza, nsanza. Khosweyo anali atadula waya wouza fani kuti izungulire. Masiku onsewo injini inkayenda yopanda choiziziritsa. Timaulendo ta mu Mfuwe inkapirira, koma ulendo wa ku Jumbe unaipsereza.

"Nanga nyali siinakuuzeni, amai?" anafunsa dalaivala uja.

Ndinati nyali inachira dzulo. Anasuzumira pagalasi la kuseri kwa chiwongolero, anagwedeza mutu, n'kulimasula. Pamwamba pa kanyali kaja panali kachidutswa ka tepi yakuda, kodulidwa bwino, komatidwa mwaluso. Pa ntchito yonse ya a Sakala, imene anaigwira mosamala ndi imeneyo.

Lole inandikoka mpaka ku loji. Tinafika alendo atadya kale. Letesi anali ngati chinsanza chokolopera. A Mwanza sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti pepani amai, ndinakuuzani, tapeza kale wina. Ndinalira pamaso pa anthu otsuka mbale.

Loweruka ndinapita ku galaji ndi tepi ija m'manja. Mukuganiza kuti a Sakala anachita manyazi? Akuti ine ndinadandaula za nyali, ndipo nyali anaizimitsa. Anandifunsanso ngati ndinaionanso ikuyaka. Za khoswe, akuti imeneyo si ntchito ya makaniko, ndikapeze mphaka. Pomaliza anandikumbutsa za kabichi wawo.

A Sakala, ndiyankheni pano pagulu. Mwana wanu akamalira usiku, mumamumata tepi pakamwa n'kunena kuti wachira? Uinjiniya umenewu munauphunzira kuti, kusukulu ya fodya? Injini yanga mudzaikonza liti, ndipo ana anga ndiwauze kuti Lachisanu adzadya chiyani?

Inu a Mfuwe, a Nsefu ndi a Jumbe amene mwayamba kugula magalimoto a nyali zimenezi, mverani. Nyali ikayakanso waya wa batire atamasulidwa, ndiye kuti vuto likadalipo. Imani pomwepo makaniko akugwira ntchito, musapite kukamwa tiyi. Akakubwezerani makiyi, tembenuzani kiyi pang'ono musanalize injini: kanyaliko kayenera kuyaka kaye, n'kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, funsani kumene akabisa.

Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Pa nkhani yonseyi, mnansi wanga anali kanyali kaja. Kanandichenjeza tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinalipira munthu kuti akatseke pakamwa.