Purosesa Yopalidwa

Mumsewu wathu ndi anthu ochepa amene amadziwa dzina lenileni la mmisiri amene shopu yake ili pakati pa atelala ndi wogulitsa matayala akale. Onse amawatchula kuti a Mtovu. Dzinali analipeza mu 1987, pamene anayamba kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya munthu wina, chifukwa malaya awo ankanunkha utsi wa mtovu wosungunula ngakhale atachapidwa kumene. Mu 1996 anayamba kulandiranso mawailesi a kanema. Chipinda chimene alimo mpaka lero anachipeza mu 2004, ndipo mafoni a m'manja anabwera pambuyo pake. Makompyuta anawaphunzira mochedwa, mu 2012, imvi zitayamba kale.

Bambo awo atamwalira mu 1995, a Mtovu anatenga mng'ono wawo, chitsirizira m'banjamo, n'kumulera ngati mwana wawo woyamba. Mwanayo anakulira pansi pa tebulo la ntchito, ndipo anadziwa kugwira chitsulo chosungunulira mtovu asanadziwe kuchita masamu a longo divishoni. Atakula anakwatira n'kupeza nyumba yake, koma m'shopu sanachokemo. Ndiye amene mu 2019 anabweretsa maganizo oika makompyuta angapo kukhoma kuti anthu azibwera kudzasewera magemu. Ndalama zogulira atsopano panalibe, choncho abale awiriwa anawalumikiza okha ndi zipangizo zakale za m'maofesi.

A Mtovu sanasewerepo gemu. Chimene chinawakoka mtima chinali china. Mkati mwa kompyuta muli kachitsulo kaphanthiphanthi, kocheperapo pa bokosi la machesi, kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kamagwira ntchito yonse yowerengera. Fakitale imaika malire a liwiro lake. Mmisiri wodekha akhoza kulowa m'makonzedwe a mkati, amene amawatcha bayosi, n'kukweza liwirolo pang'onopang'ono, uku akuwonjezera magetsi mosamala, mpaka makinawo atayamba kukana. Mapurosesa awiri a mtundu umodzi sapirira mofanana. Ina imafika patali, ina imagonja msanga, ndipo palibe amene angadziwiretu poigula.

Mu Febuluwale 2021 a Mtovu anapeza purosesa yamwayi m'kompyuta yakufa imene ofesi ina inataya. Fakitale inailembera liwiro la 3.6, koma iwo anaifikitsa pa 4.4. Vuto linali kutentha. Anaichotsa, n'kuika lezala moimirira pamwamba pake, ndipo anaona kuwala kukudutsa pansi pa lezalayo. Chivundikiro chake chinali chopindika pang'ono, kotero choziziritsira, chitsulo chimene chimakhala pamwamba pake kuti chichotse kutentha, sichinkakhala bwino. Anamata sandipepa pagalasi losalala, anadonthezapo madzi, n'kuyamba kuipala.

Ntchitoyi inatenga masana angapo, ndipo atelala ankaima pakhomo kudzaonerera.

"Akulu, chitsulocho mukuchipala ngati mukufuna kuchiphika," anatero tsiku lina. "Mchere ndikubweretsereni?"

"Pitani mukasoke, atelala. Thalauza langa lija mwendo wina ukadali wautali."

"Wamfupi ndi mwendo wanuwo, thalauza lilibe mlandu."

Anapala mpaka zilembo zonse za fakitale zinafufutika, pamwamba pake n'kusanduka mkuwa wofiira wonyezimira, moti munthu ankadzionapo nkhope. Ataibwezera, kutentha kunatsika. Anaiika m'bokosi lakale limene analichotsa mbali imodzi kuti mphepo izilowa, n'kuikhazika pakona. Kuyambira pamenepo osewera ankalimbirana kompyuta ya pakona, ndipo ena amene anali ndi makina odula kwawo ankabwera kudzasuzumira mkati mwake osakhulupirira. M'zaka zonse za ntchito yawo, palibe chimene a Mtovu ananyadira ngati chimenechi.

Chaka chotsatira mng'ono wawo analumikiza kompyuta yakeyake kunyumba, chifukwa anali atayamba kupikisana ndi anzake pa intaneti. Anagula purosesa ya mtundu womwewo, koma yake inakana kupitirira 3.9. Anadandaula kangapo.

"Ndi mwayi chabe, mphwanga," a Mtovu anamuuza. "Ana a mayi mmodzi sathamanga mofanana."

Diso lakumanzere la a Mtovu linali litayamba kuchita ng'ala, ndipo pa 16 Meyi 2023 anachitidwa opaleshoni. Tsikuli lili pakhadi lawo la kuchipatala. Adokotala anawalamula kuti atalikirane ndi fumbi ndi utsi mpaka diso litapola, choncho shopu inatsala m'manja mwa mng'ono wawo.

Anabwerera kuntchito mu Juni, n'kupeza kuti kompyuta ya pakona yayamba kuvuta. Gemu ikafika pothina, zonse zinkauma, sikirini n'kusanduka yabuluu, makina n'kuzima okha. Osewera anayamba kuithawa.

A Mtovu ali ndi lamulo limodzi pa ntchito: kusintha chinthu chimodzi chokha, kuyesa, kenaka n'kusintha china. Anatsitsa liwiro pang'ono, koma inazimabe. Anawonjezera magetsi, ndipo inangotentha n'kuzimanso. Anachotsa timatabwa ta memore n'kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo. Anasintha fani. Anasintha bokosi la magetsi, mng'ono wawo akuwaunikira ndi tochi ndi kuwapatsira masikuluwu. Palibe chinasintha. Kompyutayo inkakhazikika pokhapokha akaitsitsa kufika pa 3.9.

Atatenga sikuludalaiva kuti amasule choziziritsira aone purosesa yeniyeniyo, mng'ono wawo anawagwira dzanja.

"Pamenepo musavutike, achimwene. Pesiti wa pakati pa purosesa ndi choziziritsira ndinapaka watsopano muli kuchipatala. Timapini ta pansipo ndi tating'ono kwambiri, ndi diso limeneli mutipinda."

A Mtovu anaika sikuludalaiva pansi.

"Nanga chavuta n'chiyani? Ndayesa zonse."

"Sindikufuna kukukhumudwitsani," anatero mng'ono wawoyo, akuyang'ana pansi. "Koma musanapite ku opaleshoni munalowa mu bayosi, si choncho? Mwina nambala ya magetsi simunaione bwino. Mukaipatsa ochuluka, purosesa imatopa, siibwereranso mwakale."

Zimene ananenazo zimachitikadi, ndipo a Mtovu ankadziwa. Ankakumbukiranso kuti mu Epulo manambala pasikirini ankawaona ngati ali m'madzi. Anakhulupirira kuti anaiwononga okha.

Kuyambira tsiku limenelo a Mtovu anasintha. Foni ikabwera yofunika kulumikiza timawaya, ankaikankhira kwa mng'ono wawo. Ankakhala pampando wa pakhomo, akutseka diso ili n'kutsegula linzake, kuyerekeza zilembo za pachikwangwani cha wogulitsa matayala. Nthabwala za atelala sankaziyankha. Mu Ogasiti anauza akazi awo kuti mwezi wa Sepitembala ukatha, apereka makiyi a shopu kwa mng'ono wawo, iwo akhale kunyumba.

"Mukhale kunyumba muzitani, bambo?" anafunsa akazi awo. "Muzindimasulira ketulo yabwinobwino?"

"Mmisiri amene wapha chinthu chake osadziwa, mawa apha cha kasitomala."

"Adokotala anati diso lapola."

"Adokotala sakonza makompyuta."

Mng'ono wawo atamva, anakana kamodzi mwaulemu, kenaka anavomera. Anayambanso kukamba zopenta chikwangwani chatsopano.

Loweruka pa 30 Sepitembala, masana, a Mtovu ankalongedza zida zawo m'katoni. Mng'ono wawo anali atapita kukagula penti. Zida zambiri anazisiya, chifukwa shopu inkazifunabe, koma panali chinthu chimodzi chimene anafuna kupita nacho kunyumba. Purosesa ija, ngakhale yotopa, inali ntchito ya manja awo. Anaganiza zoichotsa, aikemo ina wamba ya m'dirowa, yawoyo akaisunge m'kabati. Tsopano kupinda timapini sikunali koopsanso.

Anamasula masikuluwu, ananyamula choziziritsira, n'kupukuta pesiti wotuwayo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Pansi pake panalibe mkuwa. Panali chivundikiro chotuwa, zilembo za fakitale zili mizeremizere.

Diso lawo anali atasiya kulikhulupirira, choncho anagogoda khoma.

"Atelala, tabwerani ndi magalasi anuwo."

Atelala analowa, tepi ili m'khosi.

"Apa mukuonapo chiyani? Pali zilembo, kapena ndi diso langa?"

Atelala anawerama n'kuyamba kuwerenga zilembozo mokweza, chimodzichimodzi, kenaka anaima pakati.

"Si ija munaipala mpaka kufiira ija?"

"Ija inalibe zilembo."

"Zilembo sizimeranso, akulu," anatero atelala motsitsa mawu. Anavula magalasi.

A Mtovu anakhala pansi. Pambuyo pake anandiuza kuti chinthu choyamba kubwera m'mutu mwawo chinali nambala ija, 3.9, imene anakhala akuiyang'ana kuyambira Juni osakumbukira kumene anaimvapo.

Mng'ono wawo analowa atanyamula chitini cha penti wachikasu, akuimba kaluzu. Ataona choziziritsira patebulo, kaluzu kanathera pomwepo. Atelala anafuna kutuluka, koma a Mtovu anawauza kuti akhale.

"Yanga ili kuti?"

"Achimwene..."

"Ndafunsa kuti ili kuti."

"Ili kunyumba. Ndinangobwereka. Kunali mpikisano mu Meyi, ndimati ndibweza musanabwerere kuntchito."

"Meyi anatha."

"Ndinapambana gawo loyamba, ndiye panabwera lachiwiri. Kenaka ndinayamba kuopa kukuuzani. Komanso anthu osewera panowa kusiyana kwake sakudziwa, achimwene, bola gemu ikuyenda."

"Gemu sinkayenda. Inkazima, iwe uli pomwepo."

Mng'ono wawo anaika chitini pansi.

"Ukanandipempha, ndikanakana tsiku loyamba, lachiwiri ndikanakupatsa," a Mtovu anatero. Sanakweze mawu. "Chimene unapemphapo ine n'kukumana n'chiyani? Koma iwe unandigwirira tochi. Ine ndikusintha bokosi la magetsi labwinobwino, iwe ukundiunikira, ukundipatsira masikuluwu. Kenaka unati ndi diso langa."

"Za diso zija zinangotuluka m'kamwa. Sindinaganize kuti mufika posiya ntchito."

"Nditafikapo unatani? Unapita kukagula penti."

Pamenepa mng'ono wawo anayesa kugwada, koma a Mtovu anamuuza kuti adzuke, pansi pali timasikuluwu. Kenaka anatambasula dzanja. Mng'ono wawo anaganiza kuti akufuna kugwirana naye chanza, ndipo anayamba kutambasula lake.

"Kiyi wako wa shopu," anatero a Mtovu.

Lolemba m'mawa purosesa ija inafika kudzera mwa atelala, itakulungidwa m'kansalu, ili m'bokosi la machesi lalikulu. Mwiniwake wa mlandu sanabwere. A Mtovu anaiika okha, ndi maso awo, osapinda kapini ngakhale kamodzi. Analowa mu bayosi n'kulemba 4.4. Kompyutayo inayenda tsiku lonse osazima. Madzulo ake anatulutsa zida m'katoni n'kuzibwezera pamisomali yake, ndipo tsiku lotsatira analandira foni ya wogulitsa matayala n'kuilumikiza okha timawaya.

Akazi awo anayesa kuyanjanitsa abalewa mu Disembala chaka chomwecho, ndiponso mu Epulo 2024, pamene mkazi wa mng'ono wa a Mtovu anabereka mwana. A Mtovu anapita kukaona mwanayo, anamunyamula, anasiya sopo ndi bulangeti, n'kupereka moni kwa mng'ono wawo monga mmene amaperekera kwa kasitomala.

"Mng'ono wanuyu ndi mwana amene munalera nokha, bambo," akazi awo anawauza pobwerera. "Analakwa, inde. Koma mpaka liti?"

"Sindinamuthamangitse pachibale. Ndamuchotsa pa tebulo langa basi."

Mng'ono wawo tsopano amakonza mafoni m'kashopu ka mnzake kumbali ina ya tauni. Chitini cha penti wachikasu chikadali pansi pa tebulo la a Mtovu, chosatsegula, ndipo amachigwiritsa ntchito ngati popondera akafuna kufikira shelefu ya pamwamba.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha pa kompyuta ya pakona. Mu Okotobala 2023 a Mtovu anafunafuna chitsulo cha m'mbali chimene anachichotsa kale chija, anachibwezera, anaboola bowo n'kukolekapo loko wamng'ono. Bokosi lotseka limasunga kutentha, choncho anakakamizika kutsitsa liwiro kufika pa 4.1. Osewera akale anazindikira msanga.

"Akulu, tsegulani m'mbalimo ipume," atelala amawauza nthawi zina. "Munaipalira chiyani ngati mukuifunditsa bulangeti?"

"Ikuyenda," a Mtovu amayankha.

Kiyi wa lokoyo anamumangirira pa chingwe chimodzi ndi makiyi a shopu, ndipo chingwecho amayenda nacho m'thumba la thalauza.