Matumba a Sisitala Wachete

Dzina loti Wachete sanam'patse chifukwa chofatsa ayi. Mayi ameneyu mawu ake ankamveka kuchokera ku wodi ya ana mpaka kuchipata, ndipo akaseka, ngakhale odwala dzino ankaseka nawo atagwira tsaya. Dzinali linabwera chifukwa cha funso lake. M'mawa uliwonse akatulukira pakhonde la chipatala, anthu atadzaza mabenchi, ena akubuula, ena akutukwana kuchedwa kwa dokotala, iye ankaima n'kufunsa kuti, "Wakhala chete ndani pano?" Akatero ankadutsa ofuula onse aja n'kukanyamula kamwana kolefuka kumapeto kwa mzere, kamene mayi wake ankayesa kuti kangogona.

Nzeru imeneyi anaitola kwa a Matironi, mkulu wa anamwino, mayi wamfupi wosaseka wamba, amene anamulandira atangomaliza sukulu ya unamwino, ali kamtsikana kowonda kovala nsapato zobwereka kwa mkulu wake. "Wofuula ali ndi mpweya, mwana iwe," ankatero a Matironi. "Wako ndi amene wasiya kufuula." Awiriwa anagwira ntchito limodzi mpaka imvi zinayamba kuonekera m'mphepete mwa kachisoti ka Wachete, ndipo anafika pomvana ndi maso okha.

Mwamuna wake anali telala, bambo wofatsa amene ankayankhula ndi mapini kukamwa. Yunifolomu iliyonse ya mkazi wake ankaisokera matumba akuluakulu, chifukwa mayiyu ankayenda ndi chilichonse: magolovesi, kalumo, pulasitala, timapaketi ta shuga. Ana awo ankati amayi akagwa, m'matumbamo mutha kutuluka chipatala chathunthu.

Chimene chinamulowetsa Wachete ndale ndi mkwiyo, ndipo iye sabisa. Namwino mmodzi ankayang'anira wodi yonse, ana awiriawiri pabedi, pomwe atsikana ophunzira bwino unamwino ankagulitsa zovala pamsika chifukwa boma silinkawalemba ntchito. Tsiku lina Wachete anakumana ndi mmodzi wa iwo, amene iye mwini anamuphunzitsa kuika diripi, akuitanira makasitomala a nsapato. Anafika kunyumba akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu, n'kuuza mwamuna wake kuti aima nawo pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Bamboyo anachotsa mapini kukamwa n'kufunsa kuti, "Ndiye madiresi a kumeneko, tiikenso matumba?"

A Matironi okha ndiwo sanakondwe.

"Ukachoka iwe, ana awa atsala ndi ndani? Tawaona ambiri. Amapita kumeneko akulira nafe, akanenepa basi, atiiwala."

"Mayi, ndikangopatsidwa mpata woyankhula, nkhani yanga yoyamba ndi ya anamwino. Ndikulonjeza."

"Tidzaona," anatero a Matironi, n'kutembenukira ku kabati ya mankhwala. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo unali wa pakamwa pokha, ndipo zinkamupweteka Wachete kuposa mmene ankaonetsera.

Kampeni yake inali yokoma kuionera. Analibe galimoto zambiri, koma paliponse pamene waima, amayi ankakweza ana m'mwamba n'kumakuwa kuti, "Uyu ndi wanu uyu, Sisitala! Munamudzutsa ndinu!" Anyamata a ndevu zawo ankamuonetsa zipsera zimene anasoka yekha. Zotsatira zitatuluka, telala uja, munthu amene sanavinepo ngakhale pa ukwati wake, anavina pamsewu tepi yoyezera ili m'khosi.

Koma Nyumba ya Malamulo si wodi. Kumeneko wofuula ndi amene amamveka, ndipo phungu watsopano amadikira mpata wake mpaka msana kuwawa. Mfumu ya ofuulawo anali bambo wina wonenepa wa mbali inayo, amene onse ankamutchula kuti a Chimkuzamawu. Wachete akangodzuka ngakhale kukamwa madzi, iwo ankayamba: "Thawani, anthuni, jakisoni uja wanyamuka!" Nyumba yonse inkafa ndi phwete.

Mpata unapezeka pa tsiku lomaliza Nyumba isanatseke. Akauphonya, nkhani ya anamwino idikira miyezi yambiri, ndipo lonjezo lake lisanduka bodza lija a Matironi ankanena. Anamwino anabwera pa minibasi atavala zoyera, n'kudzaza mipando ya alendo m'mwamba. Pakati pawo panali a Matironi, chikwama pamiyendo, nkhope ngati abwera kudzayendera wodi yauve.

Pa nkhomaliro Wachete sanathe kudya chifukwa cha chisangalalo chosakanikirana ndi mantha. Maso aunamwino sapuma, choncho anaona a Chimkuzamawu akudzibaya jakisoni wa matenda a shuga pakona, kenako n'kuyamba mkangano ndi nduna ina mpaka belu linalira mbale yawo isanakhudzidwe. Anati awachenjeze, koma anthu anamukokera m'Nyumba.

Sipikala atamuitana, anaimirira, pepala lili m'manja. Mawu anatuluka bwino. Ananena za ana awiri pabedi limodzi, ananena za mtsikana wogulitsa nsapato, ndipo anamva kuti Nyumba ikumvetsera. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Komano china chake chinkamusowetsa mtendere, ngati mmene zimakhalira ukalowa m'wodi n'kupeza kuti mwana amene amalira tsiku lonse watonthola. Palibe amene ankamudula mawu.

Anakweza maso. A Chimkuzamawu anali atapendekeka pampando, thukuta lili kamukamu pachipumi, dzanja likunjenjemera pabondo. Oyandikana nawo ankagwedezana n'kumaseka, poyesa kuti mkuluyo wagonja ndi tulo. Koma Wachete anadziwa kuti shuga wawatsikira m'thupi, chifukwa anadzibaya jakisoni uja osadya.

Lamulo ankalidziwa bwino: ukachoka pamalo pako usanamalize, mpata wako watha. Anayang'ana pepala, anayang'ana m'mwamba momwe munali anamwino muja. Kenako anavula nsapato zake zazitali n'kuthamanga, kudutsa kutsogolo kwenikweni kwa Sipikala kumene phungu saloledwa kudutsa.

"Bata! Olemekezeka, bwererani pamalo panu!" anakuwa Sipikala.

Ndani akanamva? Wachete anali atafika kale, akumasula tayi ya bamboyo. "Inu, gwirani miyendo. Inu a nduna, vulani jekete muike pansi apa. Tiwagoneke cham'mbali. Enanu pitani uko, mukutchinga mpweya." Anthu amene sanatumidwepo chilowereni m'boma ankangoti, "Chabwino, Sisitala." Anapisa m'thumba la diresi, n'kutulutsa magolovesi ndi timapaketi ta shuga, n'kuyamba kupaka shugayo m'kati mwa tsaya la wodwalayo. Osatembenuka n'komwe anaitana, "Mayi! Tsikani kuno!"

Mlonda wa pakhomo anayesa kufotokoza kuti alendo salowa. A Matironi anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kutsegula chitseko yekha. A Matironi anagwada mbali inayo, zala pa mtsempha wa pamkono, ndipo awiriwo anagwira ntchito ngati sanasiyanepo, wina akatambasula dzanja mnzake n'kuikamo chofunika. Patapita kanthawi a Chimkuzamawu anaphethira, n'kuyang'ana denga, n'kufunsa ndi mawu a kamwana kuti, "Wandivula tayi ndani?" Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka ndi kuwomba m'manja, mbali zonse ziwiri. Ambulansi itawatenga, Sipikala anatseka zokambirana. Nthawi inali itatha.

Wachete anakakhala pa masitepe panja, nsapato zili m'manja, ndipo analira. A Matironi anabwera n'kukhala pambali pake, akupukuta shuga m'zala.

"Mayi, ndakukhumudwitsani. Mpata uja ndautaya."

"Wautayadi," anatero a Matironi. "Ndipo ife tivutikabe miyezi ina chifukwa cha iwe. Koma ukanapitiriza kuwerenga kapepala kako munthu akuzizira, ndikanatsika ndekha kudzakuvula dzina la unamwino pamaso pa onsewa." Anamupatsa mpango. "Pukuta mamina, ndiwe phungu. Udzatiitanenso."

Miyezi ija inali yaitali, ndipo ku wodi ya ana kunalibe chosintha. Nyumba itatsegulanso, Wachete anamenyera mpata wina mpaka anaupeza. Atangoti, "Zikomo, a Sipikala," mawu aakulu anabangula kuchokera mbali inayo: "Khalani pansi, Sisitala, kuno si kuchipatala!" Anali a Chimkuzamawu, atachira, mbale ya nkhomaliro atainyambita. Wachete anayang'ana m'mwamba. A Matironi anagwedeza mutu pang'ono, ngati akunena kuti ameneyo ali ndi mpweya, musiye. Iye anaseka, n'kuyankhula mpaka kumapeto, mawu ake akuphimba a bamboyo.

Boma silinalembe anamwino onse amene iye anapempha. Linalemba ochepa, ndipo nkhondoyo akuimenyabe mpaka lero. Koma m'mawa wina, pakhonde la wodi ya ana panafika mtsikana uja wa nsapato, atavala yunifolomu yatsopano, akumwetulira mpaka m'makutu. A Matironi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira kathumba kakang'ono ka pachifuwa pake.

"Aka n'kachiyani? Ukaweruka upite kwa amuna a phungu wathu akakusokere matumba enieni. Tiye, ana akudikira."