Milamba Yomera Miyendo

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine wophunzira sukulu ya pamudzi chabe. Koma nkhani iyi ndikuidziwa bwino, chifukwa chipsera chake chili pachala changa.

Kwathu kwa Mphamba banja lathu la Chingoni silinkadya nsomba, ndipo ine ndinali ndisanaionepo yamoyo. Achimwene anakwatira a NyaPhiri a kwa Mwase, posakhalitsa n'kupita kumigodi. Alamuwo anatsala pakati pa anthu achilendo, osaseka, kudya pang'ono. Amayi ankanong'ona kuti mvula ikangotha abwerera kwawo. Zinandiwawa, poti ndi okhawo amene ankadikira kuti ndimalize mawu chibwibwi chikandigwira.

Tsiku lina ndinawamva akudandaula kuti asowa mlamba. Ndinafunsa maonekedwe ake.

"Wakuda, woterera, mutu waukulu, wopanda mamba," anatero.

Mvula itadzaza dziwe la kudimba kwathu, ndinapezamo tinthu takuda bii, tonenepa, tosambira mounjikana. Mbululu ndinkazidziwa, koma zazing'ono ngati nyemba. Izi ndinati ndi ana a mlamba basi. M'mawa uliwonse ndinkaziwazira gaga, n'kumapirikitsa chule wamkulu ngati mbale amene sankachoka pambali pake, poyesa kuti akufuna kuzidya. Tsiku lina anandilumphira n'kundiluma chala, magazi chuu.

Zitakula ndinakaitana alamu. Anabwera ndi dengu, anagwada m'matope onunkha ndere, natapa. Chilichonse chinali ndi timiyendo tiwiri kumbuyo.

"Alamu, milamba ya kuno imayenda pansi?" anandifunsa.

Anaseka mpaka anakhala pansi m'matopemo, misozi ili mbwe. Atapuma anandiuza kuti mlamba uli ndi ndevu, ndipo sumera mwendo ngakhale ukalambe.

"Uyu mumampirikitsayu ndiye bambo wawo. Taonani kangalande wakumbako, akufuna ana ake apite kumadzi akuya. Ndiye mwakhala mukuweta achule chifukwa cha ine?"

Ndinangogwedeza mutu, maso pansi.

"Ayi, sindingakusiyeni chonchi. Mungadzadyetse mkazi wanu achule, manyazi n'kugwera ine."

Lero dziwe lija linakwiririka, ndipo ana a m'banja mwathu amadya nsomba za kuboma osafunsa munthu. Koma madzulo a tsiku la achule lija, nsalu yawo isanaume n'komwe, alamu anapita kwa amayi, anagwada, napempha ndime yawoyawo yoti abzalepo mbatata.