Phiri la pakhomo pa a Timoti

A Timoti Mvula ndi kalipentala wa kuseri kwa msika pa boma la Chadiza. Mipando ndi zitseko amapanga ndithu, koma anthu amawadziwa ndi matabwa a zithunzi. Amajambula mapiri ndi madambo pa foni, n'kukasindikiza kushopu ya makompyuta. Kenaka amapaka guluu pathabwa lopala bwino n'kumatapo pepalalo chafufumimba. Likauma amanyowetsa chala n'kumafikisa pang'onopang'ono mpaka pepala lonse litanyenyeka, chithunzi n'kutsalira pathabwa.

Aphunzitsi ndi anamwino amatenga kukapachika m'nyumba zawo. Azimayi a mumsika amangoseka.

"Nanga munthu ali pati apa, a Mvula? Miyala yokhayokha?"

"Miyala siphethira pojambula, mayi," amayankha osadzutsa mutu.

Panali phiri limodzi lomwe analibe. A Timoti anakhala pachikamwini kwa Mlolo zaka makumi atatu, kwawo kwa akazi awo a Olipa. M'mawa uliwonse akatsegula chitseko, maso ankafikira paphiri la mwala wong'ambika pakati. A Olipa atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwamwambo, popanda mkangano. Anamanga zipangizo zawo panjinga n'kubwera pa boma, m'kachipinda koyang'anizana ndi khoma la chigayo.

Mwana wawo Esther anawatumizirapo chithunzi cha phirilo chojambulira kumsewu, koma mng'alu wa mwala sunkaoneka. Iwo ankalifuna monga linkaonekera pakhomo. Komatu munthu wosudzulidwa akafika pamudzi popanda maliro kapena uthenga, anthu amafunsana kuti watsata chiyani. Zaka zinayi zinatha akuzengereza.

Chaka chatha anthu atakolola, anapalasa njinga. Anaodira pabwalo la alamu awo a Ezara, mchimwene wa malemu.

"Alamu! Kwagwanji? Kuli bwino ku boma?"

"Kuli bwino. Ndabwera kudzapempha phiri."

"Mulikweza pakaliyala?" anaseka a Ezara. Atamva bwinobwino anangoti, "Basi zomwezo? Ine ndimayesa mwatsata mbuzi munasiya zija."

Anawapatsa mpando wa alendo. A Timoti anauzindikira ndi mwendo umodzi wolumikiza. Anaupanga okha kalekale.

Nyumba yawo ija inali itagwa, ndipo pamalopo panali mapesi a soya. Mtengo wa mango womwe anabzala unalipobe. Anawerenga mapazi asanu ndi awiri kuchoka patsinde pake, anatembenuka, ndipo phiri linali pomwepo, mng'alu uli pakati penipeni. Anaima nthawi yaitali foni ili m'thumba. A Ezara anasiya nthabwala, anapita kukayang'ana khola.

Atajambula, alamu awo anawaperekeza mpaka pamphambano, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

"Mukapereke moni ku boma."

"Afika," anatero a Timoti, ngakhale kunalibe wowalandira.

Thabwa limenelo analifikisa masiku awiri, kuopa kuti chala chingachotse mwala pamodzi ndi pepala. Atalipaka vanishi sanalitulutse panja pomwe amayala enawo. Analikhomera kumkati kwa chitseko cha chipinda chawo, mulingo wa maso.

M'mawa akadzuka amayamba aima pamenepo pang'ono, dzanja lili pachogwirira. Chigayo chikalira, amatsegula.