Zingwe Zokankha Nthambi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu anagwa pamsika. Ndinali nditatopa ndi kulima kongolimira feteleza, manja kununkha chikonga koma m'thumba muli mbee. Bambo sanandiletse, komanso sanandilimbikitse. Anangoti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, n'kupitiriza kusema mpini wawo.

Amayi ndiwo anandiperekeza. Kuchokera m'mudzi mwathu, kuseri kwa Chidzolomondo, kukafika pamsewu wa ku Furancungo, njira inkadutsa m'nkhalango ya misuku, mitondo ndi mombo, mitengo itagwirana pamwamba moti dzuwa linkangofika pansi madonthomadontho. Amayi anali ndi chizolowezi chawo: akatsogola, nthambi iliyonse yotchinga njira ankaigwira mpaka wam'mbuyo adutse. Bambo ayi. Iwo ankaikankha n'kuitaya, ikukwapule kumaso, kenako amvekere, "Maso unawasiya kunyumba?" Tsiku limenelo amayi anandigwirira nthambi zonse mpaka kumsewu, ine munthu wandevu zanga, chikwama chili paphewa. Chapa, minibasi ya kwathuko, itatulukira anandigwira mkono.

"Juliyo, usakachedwe. Ukachedwa udzapeza njirayi itatseka."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti mvula ziwiri sizidutsa.

Ku Nelspruit ndinayamba ndi kusesa mu ofisina ina yokonza galimoto za anthu okonda kukayenda kutchire. Kumeneko munthu amatha kulipira ndalama yoti ingadyetse mudzi wathu wonse, cholinga akagone mutenti n'kulumidwa ndi udzudzu. Ndinkadabwa, koma ndinkangosesa. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kundipatsa sipanala, ndipo ntchito imene inandigwera ine inali yomanga zingwe zachitsulo zokankha nthambi. Ife ochokera ku Mozambiki tinkangoti makabu. Zimakhala ziwiri, china kumanja china kumanzere, kuchokera pangodya ya bampala kukwera mpaka pakaliyala wa padenga. Galimoto ikalowa mowirira, nthambi siimenya galasi lakutsogolo. Imagunda chingwe, n'kutsetsereka chokwera, n'kudutsa pamwamba. Luso lake lagona pokunga. Ukakunga kwambiri, galimoto ikapindika pachigwembe chingwe chimazula kaliyala. Ukalekerera, chimangogwedera n'kukanda penti. Ndiye umaika kasipiringi kumunsi, n'kumapotokola chokungira pang'onopang'ono, ukuchiliza ndi chala mpaka chilire bwino.

Tsiku loyamba kuona nthambi ikukwera pachingwe changa, tikuyesa galimoto kuseri kwa tauni, ndinayamba kupukuta m'maso. Inanyamuka bwinobwino ngati pali dzanja laigwira. Mnzanga amene ankayendetsa anandifunsa ngati fumbi landilowa m'maso, ine n'kuvomera.

Ndisaname, kusungulumwa kunandidya. Tinkagona anthu angapo m'chipinda chimodzi, aliyense ndi chinenero chake, aliyense atatembenukira kukhoma ndi foni yake. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi kumene nyimbo zake sindinkazidziwa, n'kumangoyendetsa milomo. Ndalama ndinkatumiza, mwezi wina zambiri, mwezi wina zamanyazi. Zina zinamanga chigafa chatsopano cha fodya, zina ndinalamula kuti aumbe njerwa, aotche, andimangire nyumba yamalata. Mvula ziwiri zija zinadutsa, zinanso n'kudutsa. Amayi pafoni sankafunsa za ndalama. Ankangondiuza kuti masuku apsa, kapena kuti bowa wamera pachulu chija.

Mlongo wanga Rozinya anaimba masana ena ndili pamwamba pa galimoto, sipanala ili m'manja. Amayi anali atatisiya, atadwala masiku ochepa chabe. Kwathu maliro sachedwa, pamene ulendo wochokera ku Joni ndi wogona panjira, ndiponso mapepala anga anali atatha, moti kutuluka kunali kutsanzika ntchito. Ndinatumiza ya bokosi. Ndinamaliza kukunga chingwe chija chifukwa mwini galimoto ankadikira, kenako ndinakakhala kuseri kwa matayala akutha n'kulira ngati mwana.

Kuyambira pamenepo bambo anasiya kundiyankhula. Ndikaimba, ndinkamva Rozinya akuuza bambo, "Pai, ndi achimwene," kenako iye yemwe, "Akuti alibe mawu." Bambo ndi a ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano. Kwathu ku Macanga anabwera kudzakhala chikamwini, ndipo mkamwini mkazi wake akamwalira, akuchikazi amamusudzula kuti abwerere kwawo. Amalume anawasudzula mwaulemu wonse, koma bambo sananyamuke. Ankangokhala pakhonde, anthu n'kuyamba kunong'ona. Ine ndinkaopa chinthu chimodzi, choti adzanyamuka, kaya wa ku Tsangano kaya wa kumanda, asanandiyankhulenso.

Ndinagula chigalimoto chakale cham'tchire chimene mwini ofisina ankafuna kugulitsa kwa ogula zitsulo. Ndinachikonza Loweruka ndi Loweruka, ndipo zomalizira zinali zingwe. Ndinasankha waya wosachita dzimbiri, ndinaboola ndekha, ndinakunga ndi kumasula kambirimbiri mpaka zonse ziwiri zinalira mofanana. Anzanga ankandiseka kuti galimoto yopanda penti ikuopa kukandika. Sankaidziwa njira ya kwathu, ndipo sanawamve amayi akunena kuti idzatseka.

Nditafika pamphambano paja, pamene chapa inanditenga, ndinachepetsa liwiro, ndinakweza magalasi. Ndinakhota. Kunali gwaa, kuwala kokhakokha. Zitsa, minda ya fodya, zigafa, fumbi. Ndinayenda njira yonse mpaka m'mudzi popanda ngakhale tsamba limodzi kukhudza galimoto, zingwe zikungolira mluzu ndi mphepo. Nyumba yanga ndinaipeza itaima bwino, yofiira, malata akuwala. Nditafunsa za misuku ya kumtsinje, Rozinya analoza khoma ndi mlomo.

"Mumayesa njerwa zimapsa ndi dzuwa, achimwene?"

M'mawa mwake ndinapeza atayanika matewera a mwana wake pazingwe zanga, mbali zonse ziwiri. Anati ku Joni konse kuja ndiye ndabweretsako chinthu chimodzi chanzeru. Ndinaseka pang'ono chabe, chifukwa bambo anali atangondipatsa dzanja n'kuti "Wafika," basi. Tinkadya mbale imodzi osayang'anana. Ndinawapatsa jekete, anailandira ndi manja awiri, n'kukaipachika pamsomali.

Patapita masiku, m'mawa wina anatuluka atavala jekete ija, atanyamula sutukesi, mphasa yokulunga ndi khasu. Anazungulira galimoto, n'kuliza chingwe chimodzi ndi chala.

"Izi n'zachiyani?"

Ndinawafotokozera.

"Ndiye nthambizo wazipeza?"

"Iyayi, pai."

"Liza galimoto. Undiperekeze kwathu."

Rozinya ndi amalume anali ataima pabwalo, ndipo ndinazindikira kuti onse ankadziwa kupatula ine. Tinanyamuka. Tisanafike pamsewu bambo anatukula dzanja kuti ndikhotere kumanzere, m'kanjira ka ngolo. Kutsogolo kunali kadera kamodzi kobiriwira pakati pa minda youma, msitu umene nkhwangwa siilowamo. Sindinafunse. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti mitengo yotsala yokhayokha chonchija ndi ya kumanda.

Kanjira kanapapatiza. Nthambi yoyamba inagunda chingwe chakumanja, inakwera, inadutsa pamwamba. Ina kumanzere. Kenako zinachuluka, misuku ndi mitondo, masamba akusisita denga, mthunzi ukugwera m'galimoto madonthomadontho, fungo lija la makungwa ndi dothi lonyowa likulowa ngakhale magalasi anali otseka. Zingwe zinagwira ntchito yake bwino kwambiri, galasi silinakhudzidwe, koma ine njira sindinkaiona chifukwa cha misozi. Bambo anati ndiime.

"Pai, ndinkayesa munakwiya nane."

"Kukwiya ndinakwiya," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Koma maliro sakhuza pafoni, mwana wanga. Ine mudzi uno ndinabwerera amako. Anakuperekeza okha mpaka kumsewu, ndiye ndikanachoka bwanji ndisanawaonetse kuti wabwera? Amalume ako ndawapempha, atilola kulowa. Tsika."

Tinatsika. Bambo anatsogola, atawerama pang'ono, jekete ikuwakulira m'mapewa. Ndinaona kuti akalamba zedi, ndiponso kuti madzulo a tsiku lomwelo ndidzawasiya ku Tsangano, mudzi wathu n'kutsala wopanda onse awiri. Kutsogolo kwawo kunali nthambi ya msuku yotchinga njira. Anaikankha, ine mwachizolowezi cha ubwana ndinatsinzina n'kubweza mutu, kudikira mkwapulo.

Sunabwere. Nditatsegula maso ndinawaona ataima pambali, mkono uli m'mwamba, nthambi ili m'dzanja.

"Dutsa," anatero.